Chitseko Chimene Tinachimata ndi Penti

Kwa Olemekezeka a Nduna ya za Chuma, Chitukuko ndi Kudula Maliboni,

Bwana wanga,

Ndagwada. Mawondo anga masiku ano amalira ngati mahinjesi osathira mafuta, koma pamaso panu ndagwadabe. Ndine wolemba zikwangwani uja munandipeza pamakwerero tsiku lotseguliranso Banki ya Chitukuko, uja anyamata anu anandithamangitsira kuseri kwa tenti ati ovolosi yanga iipitsa chithunzi. Sindinakwiye. Nanenso ndikadziona pagalasi ndimagwirizana nawo.

Ndalemba kuti ndithokoze, chifukwa anthu osayamika akumanena m'maminibasi kuti banki imeneyi sinatukulepo munthu. Bodza lamkunkhuniza! Yanditukula ine, ndipo umboni ndili nawo.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mayina. Nduna yoyamba inati ndilembe kuti Banki ya Chitukuko. Yobwera pambuyo pake inati chija chinali chitukuko chabodza, ndilembe Banki ya Chitukuko Chenicheni. Ina inawonjezera "cha Onse". Inu, mwa nzeru zanu zakuya, mwaikapo "Chokhazikika ndi Chopita Patsogolo", mpaka dzinalo linakhota pakona n'kukathera pakhoma la mayi wogulitsa nsalu. Pano anthu akumalowa mwa mayiyo kukapempha mpamba. Iwo akuti sakudandaula, ena amachita manyazi kutuluka chimanjamanja n'kugulako kansalu.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha penti. Boma lililonse likalowa limafuna nyumbayo ivale mtundu wa chipani chake. Ine ndikati tiyambe tapala wakaleyo, akuluakulu a ku ofesi kwanu amandikalipira kuti nthawi ilibe, a nduna akubwera mawa, ingopakani pamwamba. Ndiye ndakhala ndikupaka pamwamba: khoma, mafelemu, chitseko, mahinjesi, ndi loko yemwe. Lero chitseko ndi khoma zinasanduka chinthu chimodzi. Mlonda kiyi ali naye, amayenda naye m'khosi monyadira, koma bowo lolowetsa kiyiyo analisiya kulifuna kalekale. Abwana a bankiyo amalowera pawindo lakuseri, ataponda kreti, tayi atamuponya kumsana. Inunso mukukumbukira, mutadula liboni munakankha chitsekocho, icho osasuntha, inu n'kumwetulira makamera ngati mumangofuna poyedzamira. Bwana, ndinakuomberani m'manja ndili kuseri kwa tenti. Luso lotero si la aliyense.

Chachitatu, ndithokozereni aphungu onse a ku Nyumba ya Malamulo. Lamulo lopatsa bankiyi mpamba ndi oiyendetsa osaopa chipani lakhala likufika pakhomo la Nyumbayo n'kubwerera. Inu muli kotsutsa munaimirira, munati banki imeneyi ndi thumba la chipani cholamula, n'kutuluka mukupukusa mutu. Chaka chino otsutsa anena mawu omwewo, ngakhale potsokomola atsokomola pamene munkatsokomola inu. Ndikuganiza kuti posinthana mipando munaiwala pepala lanu pampando, iwo angolitola. Umodzi wotere ndi wosowa.

Nawonso mabungwe anzanu asaiwalike. Banki Yaikulu inatumiza maluwa. Osunga chuma cha boma anatumiza kalendala yokongola ndi uthenga wa mafuno abwino. Zonsezi zinalowera pawindo lija.

Tsono bwana, ndikhululukireni, ndili ndi kankhani kakang'ono ka m'nyumba, kosayenera makutu ngati anu. Mwana wanga wamkazi anaphunzira ntchito yosindikiza. Dzanja lake ndi labwino kuposa langa, mutu ndiye osanena. Akufuna makina, atsegule malo ake pafupi ndi kashedi kanga, alembe anzake awiri atatu ntchito. Mabanki enawa akufuna chikole cha nyumba, pamene ife ngakhale msomali wa pakhoma ndi wa alandilodi. Ndiye m'mawa uliwonse amakaima pa chitseko chanu chija limodzi ndi akalipentala, atelala ndi bambo wina wowotcherera zitsulo amene anayamba kudikira tsitsi lili lakuda. Amawerenga dzina lonse mpaka kwa mayi wansalu, n'kubwerako.

Sabata yatha wandiuza kuti, "Ababa, ine ndatopa kupatsa moni khoma." Wapeza ntchito kutali, kunja kwa malire, yosesa m'nyumba yosindikizira ya eni ake. Chikwama walongedza kale, chili kuseri kwa chitseko chathu, chimene mwamwayi chimatseguka. Akuti mwezi uno ukatha banki isanatseguke, wapita. Mayi ake sakundilankhula, mbale amangondiikira patebulo ngati akuikira mlendo wokhalitsa. Akuti ndine ndinamata tsogolo la mwana ndi manja angawa. Ndimayankha kuti bulashi ndi yanga, koma mtundu amasankha ndi a nduna. Sizikuthandiza. Kunena zoona bwana, mtima ukundipweteka, ndipo nthabwala zandithera pamenepa.

Pempho langa ndi lochepa. Tsiku lina mubwere opanda tenti, opanda oimba, opanda sizasi. Mutengane ndi mtsogoleri wa otsutsa, mkulu wa Banki Yaikulu ndi osunga chuma aja. Muvule majekete, muike mapewa pamodzi pa chitsekocho, mukankhe mbali imodzi. Ine ndibweretsa tinala wosungunulira penti ndi chopalira, ulere. Mukatero mugwirizane mtundu umodzi wosakhala wa chipani chilichonse, ndi dzina limodzi loti lizikhala ngakhale inu mutachoka, pepani kutchula zosatheka. Ndikudziwa kuti ndikudziphera ndekha bizinesi, koma ndalolera.

Zikakanika, ndamva kuti chisankho chayandikira ndipo dzina lina lili m'njira. Chonde muwauze odzalowa m'malo mwanu, kapena inu nomwe mukadzabwerera ndi mtundu wina, kuti dzinalo lidzakhale lalifupi ndiponso lolembedwa m'munsi, pofika dzanja munthu ataima pansi. Amene amandigwirira makwerero ndi mwana wanga yemweyo.

Ine wanu wogwadabe, podikira wondidzutsa,

Wolemba zikwangwani wa kuseri kwa msika,
munthu yekhayo amene banki yanu inamutukula, mpaka pamwamba pa makwerero.