Mmene a Gwedeza Anaziziritsira Injini pa Khwekhwerere

Khalani pansi ana inu, mumve. Mwambi uwu unayamba motere, ndipo unayambira pakati pa msewu, dzuwa likuswa mtengo.

Ku Golomoti kunali bambo wina, a Gwedeza, mwini kalole konyamula tomato ndi mbuzi. Sanali oipa mtima ayi, koma anali ndi nthenda imodzi: kuuzidwa kanthu kunkawawawa ngati chithupsa. Ukawauza kuti malaya apisira mokhota, ankati umbuli wako ndi umenewo, ku Joni amavala choncho.

M'injini ya kalole kawo munali timasensa tiwiri. Kena kankamva kutentha kwa madzi oziziritsa injini, kena kankamva ngati oyilo akuyenda ndi mphamvu yokwanira. Zikavuta m'katimo, timasensato tinkatumiza uthenga pa waya, nyali yofiira n'kuyaka kutsogolo kwa dalaivala, kabelu n'kumalira kuti tii, tii, molasa m'khutu.

Tsono Wedisoni, mwana wa mlongo wawo, anapeza mbeta ku Dedza, ndipo banja linasankha a Gwedeza kukhala nkhoswe. Bamboyo anafufuma. Aka kanali koyamba kuti abale awapatse udindo woposa kunyamula katundu wa pamaliro, ndipo unkhoswewo ankaufuna ndi mtima wonse. Anagula jekete yoyera, n'kumayeserera zokalankhula pamaso pa mbuzi.

Tsiku la chinkhoswe, amayi oimba anadzaza kumbuyo, pamodzi ndi tambala wokapereka kuchikazi. Kutsogolo kunakhala a Gwedeza, akazi awo a Nangozo, ndi Wedisoni ali mu suti yobwereka. Anayenda bwino mpaka pamene msewu umayamba kukwera phiri la Khwekhwerere. Paipi ya madzi inali itang'ambika pansi, madzi akudontha mwakachetechete. Muvi wa geji yoonetsa kutentha kwa injini unakwera, nyali yofiira n'kuyaka.

"Bambo, kanyali kayaka," anatero a Nangozo.

"Ndili ndi maso."

"Nanga simuima?"

"Galimoto iyi ndinagula ndine kapena bambo ako?"

Anatenga kapepala koitanira anthu ku chinkhoswe, n'kukamata ndi malovu pa nyaliyo. Kufiira kunasowa, ndipo kwa a Gwedeza nkhani inathera pomwepo.

Koma sensa sidziwa manyazi. Atakhota kona yotsatira, kabelu kanayamba: tii, tii, tii.

"Malume," anatero Wedisoni mwaulemu, "mwina tingoima pang'ono tithiremo madzi. Nthawi ilipo."

"Iwe, ukukwatira lero ndiye wasanduka makaniko? Timagalimoto tamakonoti n'tamantha. Tikaona phiri timayamba kulira ngati mwana wopusa." Anasuzumira pawindo n'kukuwa: "Amayi kumbuyoko, kwezani nyimbo!"

Amayiwo anakweza, koma kabelu kanawaposa onse. A Gwedeza magazi anawira. Kunyozedwa ndi mkazi n'kwina, koma kunyozedwa ndi kachitsulo pamaso pa mbumba yonse sakanalola. Anaimika galimoto, osazimitsa injini, n'kutsika. A Nangozo anapumira m'mwamba poganiza kuti amuna awo amva. Koma iwo anafufuza waya wochokera ku sensa ya kutentha, n'kuuzula ngati akuzula chisoso m'munda.

Atabwerera pampando, kabelu kanali chete, ndipo muvi wa geji unali utagwa mpaka pansi, poti unalibenso wouuza kanthu.

"Mwaona?" anatero a Gwedeza akuloza ndi chala. "Yazizira! Yazizira kuposa mmene tinanyamukira. Anzathu amapita kusukulu kukaphunzira zimenezi, ine n'zobadwa nazo."

"Nanga fungo la kupsererali?" anafunsa a Nangozo.

"Ndi anthu akuotcha makala kuphiriku."

Anapitiriza kukwera. M'katimo madzi anatha, oyilo anatentha mpaka kusungunuka ngati tiyi, mphamvu yake n'kugwa. Sensa yachiwiri nayo inachita ntchito yake: nyali ina inayaka, kabelu kanayambiranso. Ulendo uno a Gwedeza sanavutike n'kutsika. Anapisa dzanja pansi pa chiwongolero, n'kumwetula waya wa kabelu komweko. M'galimoto munangoti zii, ndipo bamboyo anayamba kuimba mluzu.

Mluzuwo sunafike kumapeto. Injini inagogoda ngati munthu akusula khasu, inatsokomola, kenako inauma gwa. Utsi unabuka. Amayi analumpha chitenje m'manja, tambala anadula chingwe n'kuthawira kuphompho, ndipo Wedisoni anakhala pamwala atagwira tsaya. Foni pamenepo sinkagwira. Mnyamatayo analira misozi yeniyeni, poti ankadziwa kuti ku Dedza mtsikana wake wavala kale, ndipo anthu ayamba kunong'onezana.

Inawatola ndi lole ya makala. Anafika dzuwa litapendeka, onse akuda bii, jekete ija ikuoneka ngati chigamba chopukutira mapoto. Alendo ambiri anali atabalalika. Mtsikana anali m'nyumba, maso atatupa. Pabwalo panali a Ndelemani, malume ake a mtsikanayo, atakhala pampando, msoti wokapereka kuchimuna ali nawo pamiyendo.

A Gwedeza sanadikire n'komwe kupatsidwa moni. "Zimene zachitikazi si zachilungamo," anatero. "Galimoto yabwinobwino, geji ikuonetsa kuzizira, n'kungofa? Alipo wina kuno amene sakufuna ukwatiwu. Tatchingidwa m'njira."

Pabwalo panazizira. Kunena akuchikazi kuti ndi afiti, tsiku la chinkhoswe! A Nangozo anaona kuti banja la mwana likuthera pomwepo, ndipo anagwada.

"Pepani, ankolo athu, musamve zimenezo. Mfiti yake ndi iyi yavala jeketeyi. Galimoto inawachenjeza ndi nyali, anaimata pepala. Inalira, anazula waya. Inaliranso, anazula wina. Ife tonse ndife mboni."

"Eee, n'zoona!" anavomera amayi a kumbuyo aja, amene mawu anali atawasasa.

A Ndelemani anasisita msoti wawo kwa kanthawi. "Mnyamatayu tamuona, walira, ndipo mwana wathu akumufuna. Ukwati ulipo. Koma achimwene, ntchito ya nkhoswe mumaidziwa? Ndi kumva kulira. Mwana wathuyu tsiku lina adzabwera kwa inu kudzati m'nyumba mwatentha. Inu mudzamuzula waya uti?"

Kenako a Ndelemani anatembenukira kwa akuchimuna ena onse.

"Tipatseni nkhoswe ina. Awa akhale kumbuyo, ndipo asagwire nkhuku yathu."

Choncho unkhoswe unapita kwa mng'ono wawo wa a Gwedeza, munthu woyenda pa njinga. A Gwedeza anaonerera mwambo wonse ali chiimire kuseri kwa nkhokwe, kalole kawo katasanduka chitsa pa Khwekhwerere. Zinawapweteka kwambiri, ndipo kunena zoona palibe anawamvera chisoni. Pobalalika, a Ndelemani anawadutsa pafupi, n'kuwayankhula motsitsa mawu koma mokwanira kuti aliyense amve:

"Kachitsulo kaja kanali m'bale wanu, achimwene. Wakutsina khutu ndi mnansi."