Mapini a Mayi Maura

Manja angawa akaona chong'ambika sakhala chete, ndipo chaka chatha anatsala pang'ono kuliritsa munthu wamkulu.

Ndimasamalira Bambo Declan ku Coolock, kuno kwa azungu, mkulu wamasiye yemwe sitiroko inawalanda mawu ambiri. M'mawa uliwonse amandilozera chimbale chimodzi chakalekale, cha nyimbo zomwe amati panki. Tsiku loyamba ndinkayesa wailesi yawonongeka: magitala kukalipa, woyimba kukuwa ngati wapondedwa chala, nyimbo kutha ketulo isanawire. Koma chikamalira, bambowo amayimba mawu onse osaphonya.

Lachitatu lina ndikupinda zovala ndinapeza malaya akuda ong'ambikang'ambika, ogwiriziridwa ndi mapini omangira thewera. Mtima unandiwawa. Munthu wa ana akeake kuvala sanza? Iwo ali m'tulo ta masana, ndinachotsa mapini onse, ndinasoka bwinobwino, n'kusita. (Ndinadziyamikira ndekha, ndisakubisireni.)

Atadzuka ndinawaonetsa. "Bambo, taonani, akhala ngati atsopano."

Anatchula dzina limodzi: "Maura."

Mwana wawo Orla atabwera ndiye anandimasulira. Maura anali mayi ake a Orlayo, malemu. Pa utsikana wawo anang'amba dala malayawo n'kuwabaya mapini, tsiku lomwe ankapita ndi bambowo kukaonera oyimba a m'chimbale chija. Ndiye kuti ine ndinafufuta manja a malemu ndi singano yanga.

Nkhope ndinasowa poiika. "Pepani, Bambo. Kwathu chong'ambika timasoka."

Anangoloza chimbale. Nditachiika, magitala n'kuyamba ndewu yawo ija, anandipatsa sizasi. Ndinayamba kusomola ulusi wanga, iwo akundiuza pomwe pini iliyonse inali.

"Apa. Ayi, m'munsi pang'ono. Iyo inali paphewa."

Orla anatembenukira kuwindo n'kumapukuta maso. Mawu ochuluka chonchi anali asanawamve kwa bambo ake mwezi wonse.

Utatsala msoko umodzi, bambowo anandigwira dzanja. "Uwo usiye. Ngwako." Kenako anaseka. "Maura sankatha kusoka ngakhale batani."

Masiku ano ndimangozindikira ndikung'ung'udza nyimbo zomwezo ndikusambitsa mwana wanga ku Ongar komwe ndimakhala, iye n'kumamenya madzi ngati ng'oma. Phokoso lija lalowa m'nyumba mwathu, ndipo sindikulithamangitsa.

Ndinaphunzira kufunsa ndisanasoke. Koma jinzi ya Orla ndi yong'ambika m'mawondo monse muwiri, ndipo singano ikadali m'chikwama changa.