Mfunda wa chithunzi cha a Lackson

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinasoka zovala pakhonde la shopu ya a Lackson Mwale pa Nsaru, choncho zimene ndinene pano ndinaziona ndi maso anga. Sukulu sindinapite nayo patali, koma bodza ndimadana nalo.

A Lackson ankasindikiza makadi a ukwati, makalendala a mpingo ndi mapulogalamu a maliro pa kompyuta yakale yolira ngati chigayo. Chimene anatchuka nacho n'chakuti chithunzi chilichonse ankayamba achifunsa mfunda. Ankati zilembo za kumapeto kwa dzina la chithunzi ndiwo mfunda wake, ndipo pulogalamu yawo yoyalira masamba inkalandira mifunda yowerengeka basi.

JPG ankati ndi a Phiri: ali paliponse, koma akayenda kwambiri pa WhatsApp amafika ataonda, nkhope ili phalaphala. PNG anali a Banda, anthu opanda kumbuyo, oti paliponse pamene wawaika amakhala bwino. Mayi wina Nabanda atamva zimenezi anatha mwezi wathunthu osawapatsa moni. TIFF ndiye anali a Mwale anzawo, onenepa, odzaza okha fulashi yonse yosungira zithunzi, koma ooneka bwino mpaka tsitsi la m'mphuno. Ponena izi ankadzisisita pamimba.

Tsiku lina kunabwera a Mose, mlimi wa fodya wa ku Kabudula, ndi chithunzi chochokera kwa mng'ono wawo ku Joni choti chiikidwe pa khadi la ukwati. Mfunda wake unali HEIC, ndipo kompyuta inachikana. A Mose anapita kumsika, wina anawanamiza kuti angofufuta zilembozo n'kulembapo JPG. Anabwerera akumwetulira, koma kompyuta inakananso. A Lackson anawafunsa:

"A Mose, kodi mkamwini akangodzitcha Phiri ndiye kuti walowa m'mudzi?"

"Nanga si dzina lasintha?"

"Dzina lasintha, magazi ndi omwe aja. Mlendo amadzera kwa ankhoswe."

Ankhoswewo anali kapulogalamu kena kosandutsa chithunzi kuti chikhale cha mfunda wolandirika. A Mose anachoka ndi makadi awo, komanso ndi dzina loti Mkamwini, limene ali nalo mpaka lero.

Chimodzi chokha a Lackson sankachiseka. Nthawi ina anakakamizidwa kusindikiza pulogalamu ya maliro ndi chithunzi chofooka kwambiri, moti anthu pamaliropo ankatsutsana ngati anali malemuwo kapena mkulu wawo amene anali atakhala pomwepo. Madzulo ake anatuluka pakhonde nandiuza kuti, "A Andrea, ine ndikadzapita musadzalole nkhope yanga ituluke ngati phala. Mwalonjeza eti?" Ndinalonjeza, ngakhale kompyuta ndinali ndisanaikhudzepo.

Anatisiya chaka chatha, nthawi yokolola chimanga. M'mawa wa tsiku loika maliro, mwana wawo Tamara, mphunzitsi ku Kasiya, anakhala pa kompyuta ija kuti akonze pulogalamu. Munthu amene anasindikiza nkhope za dera lonse ankathawa kamera, ndiye chithunzi chabwino chinalipo chimodzi chokha, mu foni ya Tamara. Mfunda wake: HEIC. Kompyuta inakana mwini wake.

Adzukulu anali atatumiza kale uthenga woti manda atha. Tamara anati angochidutsitsa pa WhatsApp kuti chilowe msanga ngati JPG. Ndinaimirira pakhomo.

"Mwanangu, bambo ako si a Phiri. Apititse kwa ankhoswe."

Anandiyang'ana ngati chisoni chandisokoneza mutu. Koma atafufuza pa kompyutapo anapeza kachizindikiro kamene a Lackson anakalemba okha kuti ANKHOSWE. Anaseka, misozi ili chuchuchu, nandifunsa mfunda woti asankhe. Ndinati TIFF, abwerere kwa a Mwale anzawo. Kompyuta inalira kanthawi, kenako inawalandira.

Masiku ano Tamara amatsegula shopu Loweruka lokha. Masiku enawo pakhonde pamangomveka makina anga, ndipo palibe wondisokoneza ndikamayeza thalauza. Komabe anthu akafika ndi foni amati, "Odi, tabwera ndi a Phiri," ngati mwini wake ayankha.

Pulogalamu ija ndinaikhoma pakhoma pamwamba pa makina. Masaya ali odzaza, chipsera cha pachipumi chikuoneka, tsitsi la m'mphuno nalonso lilipo. Pamaliro pawo palibe amene anafunsa kuti ameneyu ndani. A Lackson, zimene munandituma zija ndinachita.