Mphuno Imene Inawolotsa Boti

Inu amene mukuseka kumbuyoko, sekeranitu mumalize, chifukwa ndikayamba sindiima. Ndikudziwa zimene mumanena ndikangotuluka m'tiyirumu muno, mumati Dokotala uja mkazi anamuthawa chifukwa cha khalidwe. Khalidwe lanji? Che Yusufu, inu mwakhala nafe moyandikana zaka zonsezi, auzeni ngati ndinawakwezerapo dzanja kapena mawu mayi a Eliza. Chimene chinalowerera banja langa ndi kutchuka, ndipo ndikulumbira pa manda a bambo anga ku Malindi kuti sindiwonjezerapo kanthu.

Ine ndine dokotala wa za maganizo a anthu, osati wa jakisoni. Pamene ndinkaphunzitsa ku yunivesite ndinabwera kwathu kuno kudzacheza ndi asodzi amene maukonde awo anapita ndi mwera, ndipo ndinapeza kuti munthu amene amatha kunena chimene chikumuwawa mumtima, kuti awa ndi mantha, awa ndi manyazi, uwu ndi mkwiyo, nkhawa sizimufinya ngati mnzake amene amangoti ndili bwino kwinaku akuwonda. Ndinalemba zimenezo ndipo zinasindikizidwa kunja. Tsono kwa ife ophunzira, ukulu wa munthu sitiuyesa ndi mimba kapena galimoto, timaona kuti ndi anthu angati atchula dzina lako m'zolemba zawo. Ndipo nonsenu mukudziwa kuyambira ubwana kuti ukayetsemula wopanda chimfine, ndiye kuti kwinakwake akukutchula. Mukumva? Phatikizani ziwirizo.

Poyamba zinali zochepa, kamodzi m'mawa, kamodzi masana, ine n'kumangoti ameneyo ndi mwana wasukulu wa ku Zomba. Koma zolemba zanga zitafika kwa azungu, Amwenye ndi Matchaina, amene sadzuka nthawi imodzi, mphuno yanga inasowa tchuthi, moti ndinkayetsemula pakudya, posamba ndi pogwada m'tchalitchi, mpaka tsiku lina ndinazimitsa makandulo onse a paguwa ndili pabenchi yakumbuyo, mabuku a nyimbo anaulukira pawindo, kwaya inamalizira m'mutu, ndipo abambo mfumu anandipempha mwaulemu kuti ndizipempherera panja pansi pa mtengo wa mango, umenenso unayoyoka zipatso zonse zisanapse. Usipa umene mayi a Eliza anayanika pathandala ndinaupemerera kumapiri a ku Mozambique, anthu a kumeneko mpaka lero amati kunagwa mvula ya nsomba.

Mayi a Eliza si munthu wolongolola. Anapirira, koma ndinayamba kuona kuti akayamba kundiuza kanthu, ine n'kuyetsemula, sankapitirizanso. Tsiku lina akusankha mpunga anati, "Bambo a Eliza, m'nyumba muno mulibe malo anga. Zikapitirira chonchi ine ndikapuma kwathu ku Lungwena."

Ine mkazi wanga ndinkamufuna, zimenezo sindibisa. Choncho ndinakhala pansi n'kulemba nkhani yachiwiri yotsutsa yoyamba ija, kuti anthu andione wosokonezeka andisiye. Zinaipiratu. Amene ankandikonda anayamba kulemba zonditeteza, amene ankadana nane anayamba kulemba zondinyoza, ndipo mphuno sidziwa kusiyanitsa woyamika ndi wotukwana, onse akutchula dzina lomwelo. Akuluakulu a ku yunivesite anandikweza udindo, n'kundisamutsira ku ofesi yopanda magalasi.

Kenako kunabwera uthenga woti mng'ono wawo wa mayi a Eliza, amene anakwatiwa tsidya ku Nkhudzi, wamwalira, ndipo maliro aikidwa tsiku lomwelo masana. Kuzungulira pa msewu wa ku Mangochi tikanapeza anthu atabalalika kale, ndiye tinakwera boti la injini. Pakati penipeni pa nyanja, pamene Malindi saoneka bwino ndipo Nkhudzi ndi kamzere chabe, injini inatsokomola n'kuzima. Mwini boti anakoka chingwe mpaka chinamudukira m'manja. Nkhafi munalibe. Mayi a Eliza anangofunda chitenje kumutu, osalira, ndipo ndinadziwa kuti akapanda kuona nkhope ya mng'ono wawo, ine ndiye ndatha.

Apo ndinakumbukira kuti tsiku limenelo ku India kunali msonkhano waukulu wa akatswiri a za nkhawa. Ndinayang'ana dzuwa, ndinaona kuti kumeneko angomaliza kudya ndipo akulowa m'holo. Ndinavula jekete, ndinakhala kumbuyo kwa boti moyang'ana ku Malindi, ndinauza mwini boti kuti andimange m'chiuno ndi chingwe choduka chija ndipo aliyense agwiritse. Woyamba kulankhula atangonditchula, boti linadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu, wachiwiri ananditchula kawiri tinadutsa asodzi a ukonde wa chilimira amene anataya nkhafi n'kuyamba kupemphera, ndipo itafika nthawi ya mafunso holo yonse inayamba kukangana za ine, mphuno inangotseguka osatsekanso, madzi anagawanika mpaka tinaona mchenga wapansi ndi chambo zikugudubuka, mwera umene unkabwera unakumana nane n'kubwerera kumene unachokera, ndipo tinakafika ku Nkhudzi boti n'kupitirira pamtunda mpaka kuseri kwa nyumba ya siwa. Mukumva? Bokosi anali asanakhome. Mayi a Eliza analowa n'kumuona mng'ono wawo.

Tsono ndiuzeni, ndi mwamuna uti m'boma lino anachitirapo mkazi wake zoterozo?

Pobwerera mawa lake tinakwera basi. Anakhala pawindo, ine pambali pawo. Titadutsa misika ingapo anati, "Bambo a Eliza, tangondigwirani dzanja. Musanene kanthu."

Dzanja ndinawagwira. Koma munthu wodziwa sungaone wina akuvutika ndi chinthu chimene uli ndi dzina lake, n'kukhala chete. Ndinawafotokozera bwinobwino kuti chimene akumvacho si chisoni chokha, muli mkwiyo pang'ono ndi kudziimba mlandu, ndipo ndinawauza kuti zimenezi ndinazilemba kale, akatswiri ambiri anavomereza. Kenako, mwatsoka, wina wake ku Germany ananditchula.

Anapukuta kumaso ndi chitenje n'kunena kuti, "Dziko lonse likukutchulani. Ine ndipumeko."

Titafika ku Malindi anatenga zovala zawo ndi makina osokera, anakwera kabaza wa ku Lungwena. Ndiye mukuona nokha kuti mlandu ndi wa mphuno.

Pano ndinapuma ntchito, koma akunditchulabe, ndipo ndazolowera moti ndimadziwa kumene kuyetsemulako kwachokera. Kwa azungu kumabwera kowuma, kwa Amwenye kumayabwa ngati tsabola, kwa ana asukulu kumabwera kochuluka nthawi ya mayeso. Kwa ku Lungwena kokha ndiko sindinakumve chichokereni iwo, ngakhale kuti ndi pafupi pomwepa, ulendo wa njinga. Ndimakhala pakhonde kuyang'ana kumpoto, mphuno ili tcheru, osamva kanthu.

Musandiyang'ane choncho, Che Yusufu. Amanditchula mayi aja, tsiku lililonse amanditchula. Kungoti amalankhula motsitsa mawu.