Tsiku Limene Ndinafera Pagolo

Pa masewero onse amene ndinagwirira timu yathu, anthu amakumbukira amodzi okha, ndipo ndi amene sindinawamalize. Ndinalowa m'bwalo ndi miyendo yanga, koma ndinatuluka pa mapewa a anthu, osati chifukwa cha chipambano ayi.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, zaka zimene nkhondo ya ku Mozambiki inafika poipa. Ndinkagwira ntchito pa fakitale ya tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Limbuli, ndipo madzulo ndinali goloboyi wa timu ya paesitetipo. (Ndineneretu kuti ndinali goloboyi wabwino. Zotsalazi n'zondichotsa ulemu zokhazokha, ndiye ichi chokha ndisiyireni.)

Othawa nkhondo ankalowera ku Muloza ndi m'tinjira ta m'tchire. Ambiri anali abale athu omwe, olankhula Chilomwe chomwe makolo athu ankalankhula m'nyumba. Ana awo ankabwera kubwalo tikamakonzekera masewero, n'kuima chapatali, malaya ali nyakanyaka, sukulu osaidziwa. Tsiku lina kochi wathu, a Mwahimba, bambo wa mawu ochepa, anaimitsa mpira n'kutiitana pakati.

"Anyamata," anatero, "ife tikuthamangitsa chikopa, anawa anathamangitsidwa ndi mfuti. Tiwachitirepo kanthu."

Umo ndi mmene zinayambira. Loweruka lililonse m'mawa osewera tinkasanduka aphunzitsi. Tinkasonkhanitsa ana a othawa nkhondo pamodzi ndi ana a othyola tiyi amene analekera sukulu panjira, n'kuwaphunzitsa kuwerenga ndi kuwerengera, tikulemba ndi makala pa matabwa a mabokosi a tiyi. Pomaliza ankamwa phala, kenako mpira. Lamulo la a Mwahimba linali limodzi: wosagwira khala sagwira mpira.

Ndi a Mwahimba omwewo amene anaona kuti ana ambiri akakodza kuseri kwa golo, pa udzu pankatsala magazi. Anakalankhula ndi namwino wa pa chipatala chaching'ono cha paesiteti, Sisitala Namalima, amene anati ndi likodzo, lochokera m'damu limene anawo ankasambamo. Anagwirizana tsiku loti ana ayezedwe ndi kulandira mankhwala m'mawa, masana n'kukhala mpira ndi timu ya ku Chonde kuti makolo abwere ambiri. Masiku amenewo anthu sankangosonkhana, choncho tinakapempha chilolezo kwa tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu, iwo n'kuvomera kudzakhala mlendo wolemekezeka.

Ntchito yophunzitsa ana za likodzo anandipatsa ine, poti mawu anga anali aakulu ndipo Chilomwe ndinkachitha. Ndinaigwira ndi mphamvu. Ndinkawauza za nkhono za m'madzi oima, ndikumenya pachifuwa, n'kumaliza ndi mawu akuti, "Wosamba m'damu ndi chitsiru!" Anawo ankabwereza mokweza.

Chimene sankadziwa n'chakuti mphunzitsi wawo akaweruka ku mpira ankadzera ku damu lomwelo kukatsuka thukuta. Ndipo kwa miyezi ndithu ndinkaona timagazi pomaliza kukodza. Ndinkadziuza kuti ndi mawondo a osewera kutsogolo amene ankandigunda m'mimba. (Munthu ukafuna kudzinamiza susowa mboni.)

Tsikulo litafika, makolo anabwera ambiri, koma palibe amene anapereka mwana. Kunali kutamveka manong'onong'o akuti mankhwalawo ndi oletsa kubereka, ena amati ndi njira yodziwira alendo kuti awabweze ku nkhondo. Patsogolo pa gululo panaima a Juwawo, bambo wamtali amene khutu lake limodzi analidula achifwamba a nkhondo. Anali atagwira dzanja la mwana wawo Alubeto, amene ankadwala kuposa ana onse: wowonda, maso oyera mbee, mimba yokha patsogolo.

"Achimwene," anandiuza a Juwawo, "mwana ndatsala naye ndi mmodzi yekhayu. Sindingamuyesere zinthu."

Apa mpamene kamwa langa linanditsogolera kuphompho.

"Palibe choopsa, bambo. Ndiyamba ndine, muone mikodzo ya munthu womvera malangizo."

Ndinatenga kabotolo kwa sisitala n'kuzungulira kuseri kwa shedi yosungiramo tiyi, ndikupemphera kuti thupi langa lindisungire chinsinsi tsiku limodzi lokha. Silinandisungire. Zimene zinatuluka zinali zofiira ngati tiyi wabwino wosathira mkaka. Ndinaganiza zokhuthula n'kuthiramo madzi, koma nditacheuka ndinapeza ophunzira anga ali ndandanda kumbuyo kwanga, akudikira kuona chitsanzo.

Sisitala Namalima analandira botolo lija n'kulikweza kudzuwa, anthu onse akuona.

"A goloboyi, izi zayamba liti?"

"Ndi bondo la wosewera wa ku Chonde, sisitala."

"Mpira wake sunayambe," anatero iwo.

Anthu anafa nacho chiseko, ndi tcheyamani yemwe. Anandiyeza kulemera pa sikelo yoyezera masamba a tiyi imene tinaipachika mu mtengo, ndikulendewera m'chiguduli ngati katundu, kenako sisitala anandiwerengera mapiritsi akuluakulu m'manja.

"Mwadya?"

"Ndadya, sisitala."

Bodza lachiwiri limenelo. Tsiku la mpira sindinkalawa kanthu, poti ndinkakhulupirira kuti goloboyi wokhuta sauluka.

"Mankhwalawa safuna m'mimba mopanda kanthu. Ndipo lero golo musagwire, mukhale pansi mupume."

Ndinavomera ndi mutu, mapiritsi n'kumeza. Makolo ena ataona zimenezo analimba mtima, anayamba kukankhira ana awo pa mzere. Anawo ankayamba amwa phala kenako mankhwala. A Juwawo okha sanasunthe.

"Ndione kaye mmene mukhalire dzuwa likamapendeka," anatero.

Mawu amenewo ndi amene anandilowetsa m'bwalo. Ndinaganiza kuti ndikakhala pansi, anthu anena kuti mankhwala andifoola. Ndinauza a Mwahimba kuti sisitala andiloleza (bodza lachitatu, kwa amene mukuwerenga), n'kuvala juzi yanga.

Poyamba zinkayenda. Kenako m'kamwa munayamba kuwawa, thukuta lozizira linatsika m'msana, m'mimba munayamba kupotokola. Nditayang'ana phiri la Mulanje, limene moyo wanga wonse linali pamalo amodzi, ndinaona likusendera chakumanzere. Posakhalitsa a ku Chonde anapeza kona. Mpira utanyamuka ndinaona mipira iwiri. Ndinasankha umodzi n'kuulumphira ndi mphamvu zanga zonse. Umene ndinasankhawo kunalibe, koma mtengo wa golo unalipo.

Zotsatirazi ndinachita kuuzidwa. Akuti nditagwa osagwedezeka, mayi wina anakuwa kuti, "Wafa! Mankhwala aja amupha!" Bwalo lonse linabalalika. Amayi anatola ana awo n'kuthawira m'minda ya tiyi, ena akuwapisa zala kukhosi kuti asanze. Sisitala anayesa kuitana, koma ndani akanawamvera? Anthu amenewa anali atathawapo kale imfa, ndipo sankadikira kuti aifunse dzina.

Anzanga anandinyamula n'kukandigoneka pa mthunzi, pafupi ndi mpando wa mlendo wolemekezeka. Nditatsegula maso ndinatembenuka n'kusanzira nsapato zimene zinali pafupi. Zinali za tcheyamani. Amene munakhalako nthawi imeneyo mukudziwa mmene mitima ya anzanga inaimira. Mwamwayi, bamboyo anangoyang'ana nsapato zake, n'kuyang'ana ine.

"Ndiye kuti ali moyo," anatero, n'kuzula udzu kupukuta.

Nkhaniyi anthu amaisekera pamenepa, ndipo inenso ndimaseka nawo. Koma Loweruka lotsatira kubwalo sikunabwere mwana ndi mmodzi yemwe. Matabwa athu anali atatsamira shedi, zilembo za sabata yatha zikadali pomwepo, phala linazizira mu mphika. A Mwahimba sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

"Anthu aja anali atayamba kutikhulupirira," anatero motsitsa mawu. "Alibe munda, alibe dziko, chimene anali nacho ndi kachikhulupiriro kameneko. Pita ukawabwezere."

Ndinayamba kuyenda m'zisakasa zawo khomo ndi khomo, bandeji ili kumutu, kukadzionetsa kuti ndili moyo ndi kufotokoza zoona zake: kuti ndinkasamba m'damu, kuti sindinadye, kuti sisitala anandiletsa kusewera. Ana ena ankathawa akandiona, ena ankanditsatira akukuwa kuti, "Lazaro! Lazaro wadzuka!" Dzinalo linandikakamira mpaka lero.

Kwa a Juwawo ndinafika komalizira, chifukwa ndinkawaopa. Ndinapeza Alubeto ali gone pa chiguduli, akulephera ngakhale kuingitsa ntchentche. Bambo ake ananditsina pa mkono kuti atsimikize kuti ndine munthu, kenako anamvetsera nkhani yanga yonse osandidula.

"Nanga munanamiranji?"

"Manyazi, bambo."

Anagwira pamene panali khutu lawo paja.

"Manyazi ndi katundu wa anthu amene zinthu zikuwayendera. Ife tinawasiya tsidya lija." Anayang'ana mwana wawo uja. "Ana anga ena anagwa panjira pobwera kuno, sanadzuke. Inu mwagwa, mwadzuka. Ngati mankhwala ake ndi otero, tiyeni."

Anamubereka mwanayo kumbuyo mpaka kuchipatala, ine ndili pambuyo. Phala anam'mwetsa okha ndi supuni, osalola kuti wina athandize, mpaka mwanayo anakana yekha. Mankhwala atamwa, anamukhazika pamiyendo tsiku lonse akumuyang'ana kumaso. Alubeto anachira pang'onopang'ono, ndipo mvula isanathe anali akuthamanga m'bwalo ndi anzake. Ena ataona zimenezo anabweretsanso ana awo, sukulu yathu ya Loweruka n'kuyambiranso.

Koma si onse anabwerera. Banja lina linasamuka sabata yomwe ija chifukwa cha mantha, ndi kamtsikana kotchedwa Rozina kamene kanali katangophunzira kulemba dzina lake, nakonso kodwala likodzo. Ndinafunsafunsa ku Muloza ndi m'misika, palibe amene anadziwa kumene analowera. Mwina kanapeza mankhwala kwina. Ndimafuna kukhulupirira choncho. Chilonda cha kumutu chinapola msanga, koma ichi ayi.

Ndikanakonda kukuuzani kuti kuchokera pamenepo sindinanamizenso munthu wa chipatala. Koma posachedwapa dokotala atandifunsa ngati mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndimamwa tsiku lililonse, ndinamva kamwa langa litayamba kale kunena kuti eya. Mayi a kunyumba, amene anakhala pambali panga, anandigwira bondo.

"A Lazaro, nenani zoona," anatero. "Anzanu okunyamulani aja anatha kale."