Ndinalalikira Demokalase Lezala Lili Pakhosi

Mpaka lero ndikakhala pampando wa wometa, pakamwa ndimatseka kuti ndii. Zinandionekera ku Doha.

Nthawi imene ku Libya ndi ku Syria kunkawira, ndinali weita pahotela ina. Sabata ina kunali msonkhano wa anthu ophunzira, ine yanga inali yothira tiyi. Mzungu wina wa ku America analankhula mokoma zedi. Ankati dziko lamphamvu lisamangoonerera anthu akuzunzidwa ndi atsogoleri ankhanza, liziwapititsira demokalase, zikavuta ngakhale ndi asilikali. Ine, amene ndinavina nawo nthawi ya riferendamu, ndinatsala pang'ono kuwomba m'manja tipoti ali m'manja momwemo.

Pa ofu yanga ndinapita kukameta kudera lotchedwa Al Doha Al Jadeeda. Wometayo anali bambo wachikulire, wofatsa, amene ndinkangomuyesa wa ku Egypt (musandifunse chifukwa chake). Pa TV ankaonetsa nyumba zogumuka. Atangondipaka thovu, nzeru zobwereka zija zinayamba kundiyabwa.

"Mukuona, bambo," ndinayamba m'Chingelezi changa cha kuhotela, "anthu ena sadziwa chimene chingawathandize. Pamafunika wina abwere adzawamasule. Taonani ku Iraq, si anathandizidwa?"

Lezala linaima pakhosi penipeni.

"Kwathu ndi ku Baghdad," anatero motsitsa mawu. "Bomba linagwera shopu yathu. Mng'ono wanga anali mkatimo."

Abale inu! Ndinafuna kupepesa, koma kholingo likanasuntha bwanji chitsulo chili pomwepo? M'maganizo ndinaona ana anga atachoka ku Ntcheu, akulandira bokosi la maliro anga pabwalo la ndege.

"Tseka maso, habibi," anatero, kunditchula bwanawe m'Chiarabu.

Ndinatseka, n'kuyamba pemphero (mawu ake anasokonekera ndi la chakudya). Ndinamva lezala likuchoka pakhosi, likukwera, kenako kwee, kwee, pansi pa mphuno.

Potsegula maso, ndevu zanga za pamlomo, zimene ndinazisunga kuyambira paunyamata, zinali pansi. Mlomo uli mbee ngati wa mwana wa Fomu 1.

"Koma bambo, izi sindinapemphe!"

"Sumadziwa chimene chingakuthandize," anayankha akupukuta lezala. "Ndakumasula. Khalas, basi zatha."

Amene ankadikira pabenchi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Wometayo sanaseke. Ndinapepesa, ndipo anangondigwira paphewa n'kunena kuti ndidzabwerenso.

Ndinatuluka ndikusisita khosi, ndikuthokoza kuti lonse lilipo. Madzulo nditaimba vidiyo kumudzi, mayi a kunyumba anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Pepani achimwene, mupatseni foni mwini wakeyo."

Ndinapitanso kwa bambo uja, ndipo tinazolowerana mpaka kumamwera limodzi tiyi. Ndevu zanga zinameranso mwezi usanathe. Tsiku lina akuzikonza bwinobwino ndi sizasi anati, "Ndinakusankhira chinthu chimene chimameranso."