Kwa Bwana Amene Anabwerera ndi Asidi Wathu

Olemekezeka Bwana Wamkulu Wotsegula Malabu,

Ndagwada, Bwana. Ndine mphunzitsi wa kemisitiri pa kasukulu koyendera kuno ku Kapelula, munthu wa choko basi, ndipo ndalemba kuti ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha labu imene munadzatitsegulira chilimwe chatha. Amayi anavina chimtali fumbi koboo, inu n'kudula riboni, n'kujambulitsa mutafukata botolo la asidi ngati khanda. Tisanamalize n'kuwomba m'manja komwe, anyamata anu analongedza mabotolo onse, timachubu ndi sikelo, n'kukweza m'galimoto. Dalaivala wanu anatinong'oneza kuti mawa lake mukatsegula labu ina ku Njombwa, ndipo zipangizo zake n'zomwezo. Nzeru zakuya, Bwana! Makatoni awiri okha, boma lonse la Kasungu lili pa sayansi. Olakwa ndife amene tinaiwala kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chachiwiri, musadandaule kuti nyumbayo yangokhala. Siidontha ndipo ili ndi loko, choncho a komiti ya sukulu akusankhiramo fodya.

Chachitatu, mwatiphunzitsa kudzidalira. Asidi wathu tsopano ndi mandimu ndi bwemba. Chomusukulutsira ndi chidulo chimene amatichezera mayi Gladness, ogulitsa zitumbuwa pageti, akamaphika therere. Tikadonthezamo madzi a chidede mtundu umasinthadi, ana n'kukuwa ngati timu yawo yagoletsa. Vuto n'lakuti mayeso safuna kukuwa, amafuna nambala, ndipo mandimu sanena mphamvu zake.

Pabolodi pokha ndiye tili patali. Ana akudziwa kuti asidi amadziwika ndi zimene amapereka. Haidirokoloriki amapereka haidirojeni mmodzi, salifiyuliki awiri, fosiforiki atatu. Ukagawa kulemera kwa asidi ndi nambala imeneyo, umapeza mlingo wake weniweni pa ntchito: salifiyuliki wolemera 98 amatsala 49. Mwana wina wamwano anafunsa kuti nanga mlingo wa ofesi yanu ndi wotani. Ndinamudzudzula kwambiri, Bwana, n'kumukumbutsa kuti masamu salola kugawa ndi ziro.

Koma nkhani imene yandilembetsa ndi ya Feggie wa Folomu 4. Makolo ake ndi matenanti ochokera ku Phalombe, ali pa esiteti ina chakuno. Mtsikanayu amabwera kusukulu zala zili bii ndi utomoni wa fodya, atayamba wasoka kaye masamba, koma masamu a asidi amawatafuna ngati nzimbe. Akufuna unamwino. Bambo ake ananena poyera kuti chaka chino n'chomaliza: akalephera, singano yosokera fodya ikumudikira, ndipo pali kale kapitawo wina amene wayamba kupereka moni wautali. Mwezi wamawa, pa mayeso ochita ndi manja, oyang'anira mayeso adzamuuza kuti adonthezere asidi kuchokera mu kachubu koyezera mpaka mtundu usinthe, awerenge, alembe. Kachubuko anakaona kamodzi, kali m'manja mwanu. Zimenezi zimandiwawa, Bwana, ndipo sindibisa.

Tsono pempho langa ndi laling'ono. Sindikupempha kuti mutipatse zipangizo, ndikudziwa kuti zili ndi ulendo wautali, a kwa Lukwa nawonso akudikira labu yawo. Ndikungopempha kuti mudzatsegulenso labu yathu. Riboni ija tinatola, mayi Gladness ailumikiza bwinobwino, mfundo yake tidzaibisa kuseri. Fodya tidzatulutsa, amayi a chimtali avomera kale, ndipo palibe amene adzatchule kuti munabwerapo. Mudzabwere sabata ya mayeso isanafike, makatoni aja ali pambuyo.

Ndipo poti mumalankhula bwino, Bwana, chonde mudzalankhule motalika kuposa ulendo watha. Ife tidzakhala panja kukuwomberani m'manja, Feggie ali m'kati akuyeza asidi.

Ine wanu wogwada,
Duncan Sunganani,
Mphunzitsi wa mandimu ndi chidulo, Kapelula.